Nzika za Kaselenge

"Imani pamenepo, mayi. Phazi yanu ina ikali ku Zambia."

Ndinaima pageti mwendo wina uli m'malere. Amene analankhulawo anali bambo ake a Morris, ba Abednego, nkhalamba yowonda yovala suti yakuda dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Maso awo anali atachita ng'ala, koma anandiloza ndendende.

"Ba tate, uyu ndiye Exildah wamene ninakuuzani," anatero Morris.

"Namumvela. Koma mlendo amayamba wachula ziko yamene alowamo."

Morris anandinong'oneza dzina. Ndinagwada n'kulitchula: Kaselenge. Apo m'pamene anandilola kulowa.

Morris ndinamudziwira pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity, pomwe ankakonza mafoni pakathebulo. Chinandikopa n'chakuti sankanena za kwawo, ndipo ine zinsinsi ndimazikonda. Chinsinsi chake chinadzaululika titayamba kukamba za ukwati: munthu wamkulu ndithu, wobadwira mu Lusaka, analibe reji, chitupa cha unzika. Malemu mayi ake anali nzika ya Zambia, a ku Chelstone, choncho akanatha kuitenga, koma bambo ake analetsa. Amalume anga ananena poyera kuti sangapereke mwana kwa munthu wopanda dziko.

Kaselenge linali dera la pakati pa mitsinje iwiri, kutsidya kwa malire a kumpoto, lomwe linadzipatula Morris asanabadwe. Ba Abednego anatumidwa ku Lusaka kudzapempha kuti boma livomereze dziko latsopanolo. Yankho lisanabwere, asilikali analanda deralo. Othawa anasonkhana m'nyumba ino ya ku Woodlands, ndipo zaka zinawatenga mmodzimmodzi kupita nawo kumanda.

Anandikhazika m'chipinda chodyera. Makatani anali otseka, mipando yambirimbiri itandanda m'mbali mwa khoma, yonse yopukutidwa bwino.

"Ziko ifuna nthaka, banthu, boma, na kukamba na maziko anzake," anatero ba Abednego. "Nthaka ni iyi yadi. Boma ndine. Mwana uyu akatenga reji, banthu basila, kulibe wina."

"Koma ba tate," ndinatero motsitsa mawu, "kulibe ziko inakuvomelani."

"Mwana akabadwa, aneba bakana kubwela kumuona, ninshi sanabadwe?"

Wotchi ya pakhoma inagunda thwelofu koloko. Nkhalamba ija inaimirira, n'kukonza tayi.

"Rhoda Kabwe."

"Nilipo," anayankha mawu onjenjemera a mayi wokalamba.

Ndinacheuka. Panalibe mayi aliyense. Anali Morris, ataweramitsa mutu, milomo ikugwedera.

"Mwango Lukonde."

"Nilipo." Tsopano anali mawu amanzenene a munthu wosuta fodya, otsokomola kumapeto.

Mayina anapitirira, aliyense ndi mawu akeake. Wina wachibwibwi, wina wamwano, wina kamtsikana. Pomaliza anatchula dzina la Morris, ndipo iye anavomera ndi mawu ake enieni, omwe anamveka otopa kuposa a akufa onse aja.

Potuluka ndinamukoka malaya tili pansi pa mtengo wa jakaranda.

"Iwe, vija ni vichani?"

"Ninayamba nili mwana, pamene ba Rhoda banafa. Ba tate banaitana zina, kunali zii, banayamba kulila. Ine ninayankha chabe kuti baleke."

"Manje baziba kuti ndiwe?"

"Baziba. Olo kapena banaibala. Naine nthawi zina nimaibala."

"Morris, ine sinizakwatiliwa na manda yonse ya Leopards Hill. Nifuna mwamuna umozi."

Anaseka, koma maso ake anali pakhomo la nyumba ija.

Panapita mwezi. Mvula yoyamba itagwa, anandiimbira foni kuti wawauza bambo ake zoti akatenga reji, ndipo wapeza mayi wina woti aziwaphikira. Tinagwirizana kuti ndikamutenge Lolemba m'mawa, tikafike ku ofesi ya zitupa, kenako akakhale kwa msuweni wake ku Kabwata.

Minibasi inandichedwetsa mpaka masana. Ndinamupeza ataima kunja kwa geti, chikwama paphewa, nkhope itatuwa.

"Banakamba chani?" ndinafunsa.

"Bati kuzipatula sikuloledwa mu Kaselenge." Anamwetulira mbali imodzi. "Beve bamene banazipatula."

"Tiye, tisachedwe."

Tisanasunthe, wotchi ija inagunda m'katimo. Msewu wonse unali duu, ngakhale agalu a m'mipanda. Mawu a nkhalamba anadutsa pamwamba pa khoma, omveka bwino.

"Rhoda Kabwe."

Morris anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kuluma milomo. Ndinkamuyang'ana pakamwa.

"Nilipo," anayankha mayi wokalamba m'nyumbamo.

Ndinadziuza kuti ndi ba Abednego eni ake, kuti munthu amene wamva mawu zaka zonsezo angathe kuwatsanzira. Wosuta fodya anavomera, n'kutsokomola. Wachibwibwi anavomera. Kamtsikana kanavomera msanga, dzina lake lisanathe kutchulidwa.

"Morris."

"Nilipo."

Anali mawu ake, otopa chimodzimodzi. Munthu amene ndinamugwira dzanja sanatsegule pakamwa. Thukuta linkatsika m'khosi mwake.

"Tiye," ndinanong'ona, koma mapazi anga anakana. Geti linali lotsekuka pang'ono, ndipo pampatapo ndinaona makatani a chipinda chodyera atakankhidwira pambali, ngati pali anthu akusuzumira.

Kenako nkhalamba ija inakonza kukhosi, n'kuitana mofatsa, mwaulemu.

"Exildah."

M'nyumbamo simunayankhe aliyense. Ankadikira. Ndinangomva chikhatho chozizira cha Morris chitanditseka pakamwa, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti ndinali nditakoka kale mpweya.