Buku la Ana a ku Iponga

Yunike anayamba kuphunzira ntchito yosanja zilembo mu 1968, pa kanyumba kosindikizira mabuku ka mpingo pa Boma la Karonga. Amene ankamuphunzitsa anali a Gideon, bambo wa ku Zomba wosayankhulayankhula, amene zala zawo zinada ndi inki mpaka sopo anazilephera.

Mwezi woyamba sanamulole kukhudza chilembo n'chimodzi chomwe. Anamupatsa rula, pensulo ya buluu ndi mulu wa mapepala otha ntchito kuti azilemba mizere: wa m'mphepete, wapakati wogawa tsamba pawiri, ndi yopingasa pomwe mawu adzakhale. Mzere ukapendekeka pang'ono, a Gideon ankangotembenuza pepalalo n'kumuuza kuti ayambirenso. Ankati tsamba limayamba ndi malo opanda kanthu, ndipo wosanja amene sadziwa kusiya mpata amatopetsa maso a owerenga.

Kenako anamutsegulira kabati ya zilembo za mtovu, chilichonse m'kachipinda kake. Yunike anaphunzira kuzitola osayang'ana, kuzindandalika mozondoka ndi cham'mbuyo, ndi kuzimanga m'chimango chachitsulo kuti zisagwedezeke. Poyamba ankasokoneza b ndi d tsiku lililonse. Pofika nyengo yokolola mpunga anali atasiya.

Bambo ake a Yunike, a Yotamu, anali mphunzitsi wopuma ntchito kwawo ku Iponga. Maso awo anali atachita ng'ala, moti ankaona zinthu ngati zili mu utsi. Asanafike pamenepo anali atalemba kabuku kophunzitsira ana kuwerenga m'Chinkhonde, ka mawu a zinthu zapakhomo: ng'ombe, nthochi, khasu, mtondo. Oyang'anira kanyumbako anavomera kukasindikiza, ndipo a Gideon, amene Chinkhonde sankachimva, anapereka ntchito yonse kwa Yunike. Anati likhala buku lake loyamba, alisanje mmene akuonera.

Yunike anaganiza masiku ambiri. Anagawa tsamba lililonse patatu: pamwamba chithunzi, kumanzere chilembo chimodzi chachikulu, m'munsi mizere iwiri yokha ya mawu. A Gideon anayang'ana tsamba la ng'ombe nthawi yaitali, n'kusuntha chithunzi pang'ono kuti nyanga zisagunde mzere wa m'mphepete. Sananene kuti zili bwino, koma sanatembenuze pepala.

Loweruka lina a Yotamu anakwera basi kudzaona ntchitoyo. Pepala sanathe kuliwerenga. Yunike anawagwira dzanja n'kuliyika pa chimango, ndipo iwo anayendetsa chala pa mtovu wozizira, akutchula mawu amodziamodzi cham'mbuyo ngati mwana wa sitandade wani. Atafika pa mawu ena anaima n'kumuuza kuti wasiya chilembo. Zinalidi choncho. Anaseka onse awiri, ndipo mdalayo anabwerera ku Iponga akuuza aliyense m'basimo kuti mwana wake akupanga buku.

Masamba anali atatsala ochepa pamene mbiri inamveka pa wailesi kuti m'sukulu ana aziphunzira Chichewa ndi Chingerezi basi. Patapita sabata, anthu awiri a chipani anabwera kudzapereka ntchito ya zikalata zoitanira anthu ku msonkhano. Mmodzi wa iwo anatola pepala loyesera la buku la Chinkhonde lija pa tebulo la Yunike, n'kufunsa kuti ndi la sukulu iti. Yunike anapitiriza kutola zilembo. Munthuyo anangolibwezera pa tebulo, n'kutuluka.

Masana omwewo oyang'anira anaitana a Gideon mu ofesi. Atatuluka anaima pafupi ndi Yunike, akupukuta manja pa nsalu ngakhale anali ouma.

"Mwanawe, tiphwasule zimango za buku lija. Zilembo zazikulu zija zikufunika pa zikalata za msonkhano."

"Bambo, tingobisa zimangozo kuseri, mwina zinthu zidzasintha."

"Ine ndili ndi ana asanu ku Zomba," anatero a Gideon, osamuyang'ana.

Anati aphwasula okha, iye apite akapume. Yunike anakana. Anamasula chimango choyamba n'kuyamba kubwezera zilembo m'tizipinda tawo. Ntchito imene inamutengera miyezi inatha dzuwa lisanapendeke kwenikweni, chifukwa manja ake anali atazolowera. Mapepala oyesera a Gideon anawatenthera kuseri kwa nyumba. Mawa lake Yunike anasanja chikalata cha msonkhano, ndipo chinatuluka chowongoka bwino, moti anthu a chipani aja anachiyamikira.

Kumapeto kwa mwezi anapita kwawo. Anapeza bambo ake atakhala pansi pa mtengo wa mango, akusenda chinangwa mongopapasa. Njira yonse Yunike ankakonza bodza loti makina awonongeka, koma atagwada pafupi nawo ananena zoona zonse, m'Chinkhonde, mpaka za moto wa kuseri.

A Yotamu anapitiriza kusenda. Patapita nthawi anafunsa ngati a Gideon amusungabe pa ntchito. Yunike anati inde.

"Ndiye gwira ntchito, mama. Usawayankhe mwano anthu amenewo."

"Tata, ndinaphwasula ndi manja anga."

"Ndamva," anatero, n'kumupatsira chinangwa kuti akatsuke.

Za bukulo sanazitchulenso. Zolemba zawo zapamanja anauza mkazi wawo, a Bertha, kuti aziike pansi pa sutikesi, ndipo chiswe chinazipeza mvula isanathe. Mdalayo anadwala chifuwa mwezi wa Febuluwale, n'kumwalira mpunga usanache.

Pamaliro panabwera anthu ambiri amene a Yotamu anawaphunzitsa kale. Mmodzi wa iwo, bambo wa imvi wochokera ku Hara, anamupeza Yunike kuseri kwa khitchini. Anamupepesa, kenako anamufunsa monong'ona kuti buku lija lituluka liti, chifukwa mphunzitsi anamulonjeza limodzi la adzukulu ake. Yunike anayang'ana manja ake. Bamboyo anadikira pang'ono, n'kugwedeza mutu ngati wamva, n'kubwerera kumene kunakhala amuna.

Lolemba lotsatira Yunike anabwerera ku Boma. Pa tebulo pake panali ntchito ya malisiti a sitolo ina ya nsalu. Anatenga rula ndi pensulo, nayamba kulemba mizere.