Matewera Atatu a Idah

Paipi ya utsi ya chigayo cha a Kaliati ku Golomoti inatulukira kukhoma lakumbuyo, n'kuloza pakhonde pa Idah ngati chala. Injini ikalira, mwana wake Chifuniro, wa miyezi isanu ndi inayi, ankayamba kutsokomola, m'chifuwa n'kumalira ngati kamphaka. Kuchipatala ku Mua anamupatsa mankhwala ndi mawu amodzi: mwanayu atalikirane ndi utsi.

Idah anakawauza a Kaliati. Iwo anapukuta ufa m'nsidze nati, "Mayi a Chifuniro, dikirani sabata yamawa. Zinthu zisintha."

Zinasinthadi. Dizilo atasowa, mlamu wawo wa ku Mtakataka anayamba kuwabweretsera zigubu za mafuta ena. Ankatolera mafuta otha ntchito m'ziwaya za tchipisi, kuwasefa, kuwaphika ndi mankhwala mpaka injini n'kuwalandira. Utsi wakuda uja unachepa. Wotsalawo unkanunkhira tchipisi, moti agalu ankadzanunkhiza kuseri kwa chigayo.

"Mwaona? Uwu si utsinso, ndi ndiwo," anatero a Kaliati. "Mwana anenepa nawo."

Chifuniro sananenepe. Kutsokomola kunachepako, koma sikunathe.

Idah sanafune kulimbana pakamwa ndi a Kaliati, munthu wa Folomu 4, iye wolekezera Sitandade 6. Anatenga tewera loyera nalimanga pampanda moyang'anizana ndi paipi, tsiku la mafuta a tchipisi, kuyambira m'mawa mpaka chigayo kutseka. Analisunga m'jumbo osachapa. Lachinayi zigubu za mlamu zinatha, a Kaliati anathira dizilo wamba, iye anamanga tewera lachiwiri pamalo omwewo.

Tsiku la msika, mzere wa mabeseni utafika kumsewu, Idah analowa m'chigayo mwana ali kumsana. Anayala matewera atatu pathumba la chimanga cha a Getrude, mayi wazitumbuwa amene anali kutsogolo kwa mzere.

"Lakudali ndi la dizilo wanu. Lotuwali ndi la ndiwo zanu zija. Lachitatuli silinaone paipi yanu. M'chifuwa mwa mwana wanga mufanane ndi liti?"

A Kaliati anatola lotuwalo. "Koma mukuona nokha kuti zasintha, mayi."

"Ndaona. Pitirizani nawo mafutawo, ndi abwinoko. Koma paipi iyang'ane kumwamba."

A Getrude anatembenuza tewera lakuda lija ndi zala ziwiri. "Ndiye ufa timayanika kuseriku umadya zomwezi? Achimwene, mwakhala mukutithirira ndiwo paufa osatiuza?"

Amayi anaseka, koma atatu anasenza mabeseni awo n'kuyamba kufunsana ngati kuchigayo chamagetsi kwayaka.

A Kaliati anazimitsa injini masana omwewo, chimanga chikadali pamzere. Wowotcherera zitsulo anabwera ndi paipi yakale ya mjigo, naipinda, nailumikiza mpaka inapitirira denga.

Mawa lake Idah anamanga tewera lachitatu loyera lija pampanda. Chigayo chitatseka, analipeza ndi fumbi lapamsewu basi. Analichapa pamodzi ndi awiri aja. Lotuwalo linayera. Lakudalo linakana, analisandutsa chokolopera.

Tsiku limenelo Chifuniro anatsokomola kawiri. Idah sanauze aliyense kuti mwana wachira. Anadula kachingwe kena komangira tewera, nakasiya pampanda, kudikira tsiku limene mphepo idzatembenuke n'kubwezera utsi pakhonde pake.