Tikiti Yopanda Kumbuyo

"Ndati sindipita. Uwauze anti ako amubatize mwanayo popanda ine."

"Agogo, ndege ni mawa! Mawa m'mamawa mufunika kukwera basi ya ku Lusaka, manje muyamba izi?"

"Ndiye undionetse tikiti."

"Iyi apa!" Natalie anawayandikizira foni pafupi ndi mphuno.

"Ako ndi kabokosi ka madontho ngati nkhanga. Tikiti ndimaidziwa ine."

A Febian Daka ankaidziwadi tikiti. Anagwira ntchito kunjanji zaka makumi atatu, akuyenda m'mabogi kuchokera ku Livingstone mpaka ku Kitwe, kachitsulo koboolera matikiti kali m'manja. Tsopano mwana wawo Hellen, amene amakhala ku Joni, anali atabereka mwana wamwamuna n'kumutcha Febian. Ubatizo unali Lamlungu. Hellen anawagulira malo m'ndege, koma kampani ya ndegeyo inatumiza uthenga woti siperekanso mapepala: chiphaso chokwerera chizikhala pafoni basi.

Natalie zinkamuwawa mumtima. Anali atangomaliza giredi 12, ndipo masiku oyembekeza zotsatira za mayeso ankayenda ngati ali ndi minga kuphazi. Ndege ikalemba mzere woyera pamwamba pa chimulu chakuda cha mgodi wa Kasanda, kwawo ku Kabwe, iye ankaimirira pakati pa bwalo kuiperekeza ndi maso mpaka khosi kupweteka. Ndiye lero munthu wapatsidwa mpando wa pawindo, akukana!

"Muopa chabe foni," anatero. "Bwerani tiyeseze."

Anakoka mpando n'kuuika pansi pa mtengo wa mango, n'kumanga kampango m'khosi ngati atsikana a m'ndege. Agogo ake aakazi, a Philomena, anali kuwaza madzi pabwalo kuti fumbi la mtovu lisauluke. Iwo ulendowu sunali wawo, chifukwa adokotala anawaletsa kukhala nthawi yaitali atapinda mawondo. Anaika beseni pansi n'kuyamba kuonerera.

"Wotsatira! Imwe amadala a chipewa, fulumirani, ndege siyembekeza!"

"Taona, amake Hellen," anatero a Febian, "mkazi wanga wamng'onoyu mwano."

"Munadzisankhira nokha," anayankha a Philomena.

A Febian anatenga foni. Chala chawo chinayenda kawiri, katatu, kabokosi ka madontho kaja n'kutulukira. Kenako anakokera chala kuchokera pamwamba n'kuwonjezera kuwala.

"Ukaiwala kuwalitsa, makina a pachipata sawerenga," anatero. "Ndinaijambulanso, kuti netiweki ikathawa ndisavutike."

Natalie anangoti kukamwa yasa. Iye mwini za kuwalitsazo sankazidziwa.

"Kansi mudziwa! Manje vuto ni chani?"

"Vuto ndi loti si tikiti."

"Chabwino, nikwere njinga niyende ku tauni, nikapulinte papepala. Muzingosunga m'thumba."

"Pepala lotuluka m'makina a m'tauni layenda ulendo wanji? Tikiti imagwidwa ndi woyang'anira. Imabooledwa. Imagona m'thumba la malaya, imamva thukuta, imafika kunyumba itatopa ngati mwini wake."

Atatero anapita kuseri kwa nyumba n'kuyamba kupopa matayala a njinga, amene Natalie ankadziwa bwino kuti anali olimba kale.

Mkwiyo wa mtsikanayo unazirala, m'malo mwake munalowa chidwi. Munthu woopa foni sayendetsa chala chotero. Munthu woopa ndege sakanasita jekete Lolemba n'kulipachika pachitseko, monga anachitira agogowa. Natalie anatsatira a Philomena m'nyumba.

"Agogo, amuna anu ali na chani?"

"Lero akhala anga? Si ako?"

"Awe, niuzeni zoona. Anti Hellen azalira."

A Philomena anapukuta manja pachitenje. Kenako analoza pakabati pamene panali chifanizo cha Amayi Maria.

"Kuseri kwakeko kuli chitini cha tiyi. Bwera nacho."

M'chitinimo munali matikiti, mitolomitolo, omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ena anali timakatoni tolimba ta sitima, tobooledwa pakona. Ena anali mapepala ofewa a basi za ku Chipata ndi ku Katete. Natalie anasolola yapansi penipeni, yofiirira ndi ukalamba.

"Tembenuza," anatero agogo.

Kumbuyo kwake kunali zilembo zing'onozing'ono za pensulo: "Mtsikana wa duku lobiriwira, Lachisanu ndilinso m'sitima yomweyi."

"Inali tikiti yanga," anatero a Philomena. "Ndinkachokera ku Kapiri. Anaiboola, n'kuigwira nthawi yaitali, ine n'kumati kapena ndalakwa sitima. Pobweza sanandiyang'ane n'komwe."

"Lachisanu munayenda?"

"Ukanakhalapo iwe?"

Natalie anatembenuza ina. "Ku Choma kukugwa mvula. Ndaganiza za zovala zili pachingwe, kenako za iwe." Ina inali ndi mawu awiri okha: "Ndinalakwa Lachiwiri." Ina: "Philo, mwana akufanana ndi iwe. Mulungu wamuchitira chifundo."

"Ulendo uliwonse amabwera nayo," anatero agogo. "Ali pantchito ankatola imodzi mwa zimene aboola tsikulo. Akafika amaiika pansi pa chitini cha shuga, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha. Ine ndimaitenga. Palibe amanenapo kanthu."

"Zaka zonse izi? Na pakamwa sanakambepo?"

"A Daka? Pakamwa pawo pamatuluka 'mchere wachepa'."

Natalie anamva maso akuyabwa. Sanathe kudikira. Anatuluka chothamanga, tikiti ya Choma ili m'manja.

"Agogo, nadziwa! Tikiti ya pafoni ilibe kumbuyo!"

Pampu inaima. A Febian anayang'ana kakatoniko, makutu awo n'kuoneka ngati atentha.

"Wakuonetsa ndani zinthu za akuluakulu?"

"Ni zoona kapena ni boza?"

A Febian anakhala pa njerwa, n'kuvula chipewa, n'kuchizunguza pabondo.

"Ndapita ku Mulobezi, ndabwera nayo. Ndapita kumaliro a mkulu wanga, ndabwera nayo. Ndiye ulendo waukulu kuposa onse, wodutsa pamwamba pa mitambo, iye atatsala pano ndi mawondo ake, ndibwere chimanjamanja? Ndikaone zonsezo ndekha, ndisowe pomulembera?"

"Mungalembe meseji! Kapena mujambule mawu, mutumize. Ni wani miniti chabe, nizakuonetsani."

"Iwe, khala chete pang'ono."

Amene analankhula anali a Philomena. Anali atafika pakona pa nyumba, atagwira khoma, chitini chili kukhwapa.

"A Daka, ija ya ku Katete chaka chatha, munalembapo chiyani?"

"Unawerenga wekha."

"Sindinawerenge. Ngakhale zinayi za m'mbuyo mwake. Maso anga pensulo sakuionanso. Ndimangoona timizere ngati nyerere zadutsa."

A Febian analeka kuzunguza chipewa.

"Bwanji sunanene?"

"Inu munanenapo chiyani? Ndikanapatsa ndani kuti andiwerengere, kamtsikana ka mwanoka?"

Panadutsa munthu wa njinga akuliza belu, akuitanira makala. Palibe anamuyang'ana.

A Philomena anaika chitini pa njerwa, pambali pa amuna awo.

"Ndifuna mupite mukamunyamule mwana wa dzina lanu. Mukakhale pawindo, muyang'ane bwinobwino, mudzandiuze ngati Kabwe amaoneka. Ndipo zimene mukanalembazo, pamodzi ndi zisanu zija, ndifuna kuzimva ndi makutu. Osati m'foni. Pakamwa muli napo, ine ndili pano."

A Febian anatsokomola. Anayang'ana njinga, anayang'ana mtengo wa mango, ngati munthu wofuna pobisala. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa foni.

"Natalie, magetsi kuno kulibe. Pita nayo kwa a Nason, ali ndi sola. Itchajidwe mpaka idzaze, mawa isakandichititse manyazi pachipata."

"Itenga maawala awiri, agogo."

"Ndikudziwa. Usaisiye yokha."

Natalie anakankha njinga pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo. Atafika pageti anamva njerwa ikukhwekhwerezedwa, ndi mawu a agogo ake aamuna, otsika, achilendo, ngati a mnyamata:

"Khala apa, Philo. Ndiyambira ya ku Katete."