Dzanja Lotsala pa Chithunzi

"Mwadula mayi anga, malume! Mwawadula ndi sizasi ngati chigamba!"

Mtsikana wodula nsalu anaima pakati pa chipinda chosokera, tepi ili m'khosi, chala chikuloza kukhoma. Makina onse anali atafunditsidwa nsalu zoyera. Fakitale ya mayunifomu inali kukumbukira chiyambi chake tsikulo, ndipo alendo anali akudzaza mipando panja.

Pakhomapo panali chithunzi chakale m'felemu yonunkha vanishi: malume ake ali mnyamata, atavala jekete, akumwetulira pambali pa makina oyamba aja. Pansi pake analembapo ndi penti yagolide kuti WOYAMBITSA.

Chithunzicho malume anabwereka kwa mtsikanayo, chimodzi chokhacho chimene malemu mayi ake anajambulitsa moyo wawo wonse. Kumanzere kunali iwowo, atakhala pa makina, duku litapendekeka. Tsopano kunangotsala dzanja lokha pa gudumu, chala chija chokhota chimene singano inaboola.

"Tsitsa mawu, iwe mwana," anatero malume akukonza tayi. "Kalipentala wapanga felemu yaing'ono. Ndiye tikanatani, titaye matabwa?"

"Matabwa mwawamvera chisoni, achemwali anu ayi?"

"Ndani waiwala achemwali? Ndiwatchula polankhula. Ndinena kuti ankatithandiza kwambiri."

Ankatithandiza! Mawuwo anamuwotcha pamtima ngati simbi. Iye anakulira pansi pa makina amenewo, akutola ulusi, mayi ake akupalasa pakhonde mpaka miyendo kutupa. Malume nthawi imeneyo ntchito yawo inali kunyamula mitolo, nayonso mochita kuwadzutsa.

"Jekete mwavala apoyo inali ya kasitomala," anatero mtsikanayo. "Mayi anakubwerekani kuti muoneke ngati munthu. Onani mapini pamkonopo, anali asanaipinde n'komwe."

Telala wina wachikulire, amene anayamba ntchito limodzi ndi malemuwo, anamukoka dilesi. "Zisiye, mwanangu. Ife akazi ndife msoko wamkati. Timagwira chovala, koma sitioneka."

"Msokowo ukathothoka, mayi, bwana amayenda matako pamtunda."

Wina anaseka kukona, n'kudzitseka pakamwa.

"Chidutswacho chili kuti?" mtsikanayo anafunsa. "Ndipatseni nkhope ya mayi anga, ndimata ndekha."

Maso a malume anathawira ku dengu la zigamba. Mtsikanayo anathamangirako, n'kulipendeketsa. Munalibe kanthu, ngakhale kaulusi. Anali atasesa m'mawa kuti alendo asaone zinyalala, ndipo galimoto ya zinyalala inali itadutsa kale.

Anagwada pomwepo dengu lili m'manja. Anayesa kuikumbukira nkhopeyo, mphuno, mpata wa mano, koma inkangobwera mwa apo ndi apo ngati nsalu yosuluka. Ana ake adzawaonetsa chiyani? Dzanja?

Chitseko chinatseguka. Alendo analowa ndi mafuta awo onunkhira, mlendo wolemekezeka ali patsogolo. Anaima pa chithunzi paja n'kugwedeza mutu.

"Bambo, munachokera kutali. Nokhanokha, ndi makina amodzi!"

Malume anamwetulira kumwetulira komwe kuja kwa pachithunzi.

Mtsikanayo anadzuka, n'kudutsa pakati pa masuti, n'kuchotsa felemuyo pamsomali. Anaikweza m'mwamba, chala chake chili pa chala chokhota chija.

"Nokhanokha eti? Inu manja anu onse awiri ali m'thumba apa. Nanga ili likupukusa makinali ndi la yani? Musayang'ane pansi, malume. Tchulani mwini dzanja ili, alendo amve. Ndi la yani?"