Apongozi m'boti la Darius

Nkhaniyi anatiuza ndi Davies, Lamlungu lija tinali ndi mapemphero a pamodzi ku North York, kuno kutsidya kwa nyanja, titakhala panja kudikira azimayi kuti amalize msonkhano wawo. Davies ndi wa ku Chipata, koma ndi amene anaimira ngati nkhoswe pa ukwati wa Ambrose ndi Sungeni, ndiye za m'nyumba imeneyo amazidziwa.

Ambrose amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Oshawa. Samwa, sasuta, mpira alibe nawo ntchito. Matenda ake ndi amodzi: kuwedza bass, nsomba zija zili ndi kukamwa ngati chidebe. Boti alibe. Zaka zonsezi wakhala akukwera kumbuyo kwa boti la Darius, mkulu wina amene anapuma ntchito kufakitale ya magalimoto. Chaka chino msana wa Darius unakana, madokotala anaung'amba, ndiye mpikisano wa kalabu yawo pa nyanja ya Scugog utayandikira, anamuitana Ambrose n'kumuonetsa makiyi.

"Tenga boti," anatero Darius. "Zopambana sindikufunsa. Koma nsomba zako zisanu zikafike pasikelo zikupuma zonse. Boti ili silinaperekepo nsomba yakufa. Ukakwanitsa, makiyi ukhala nawo mpaka nyanja idzaundane. Ikafa imodzi, uzikawedzera pamlatho ndi ana asukulu."

Mpikisano wake ndi wotero. Nsomba amazisunga m'thanki ya m'boti momwemo, pampu ikuzungulitsa madzi. Madzulo amaziyeza, yakufa amakudula nayo mapointi, kenaka zonse amazibwezera m'nyanja.

Darius anawonjezera malangizo ali chigonere pampando. Scugog ndi yosaya, yodzaza udzu, ndiye atenge ndodo yolimba ndi chingwe cholukidwa chija chimadula udzu. Pa masamba a kakombo aponye chule wa pulasitiki, ndipo nsomba ikameza ayambe wadikira pang'ono asanakoke. Pampu isazime. Manja azinyowetsa asanagwire nsomba. Dzuwa likakwera aziponya ayezi m'thanki pang'onopang'ono, ndi kamchere kodzaza dzanja, kopanda ayodini, nsomba zimapeza nako mphamvu.

Vuto linali la mnzake, chifukwa lamulo limati m'boti mukhale awiri. Davies anakana, iye madzi amawadziwa a m'bafa okha. Ndi pamene Sungeni anati, "Bwanji osatenga adadi? Atopa n'kuonera TV."

Adadiwo ndi a Yotamu, apongozi ake a Ambrose, amene anabwera kuchokera ku Balaka kudzaona mdzukulu wawo Chiko. Munthu wokulira kuwedza milamba mu Rivirivi. Atamva anaimirira pomwepo kukafuna chipewa, ndipo Sungeni anawakuwira ali kukhitchini kuti, "Mukabweretse ndiwo, adadi, tomato ndagula kale!"

Ambrose anangowathandiza kufuna chipewacho. Chikwatirireni sanawauzepo apongozi ake mawu oti ayi. Akamalankhula nawo amayang'ana pansi, manja kumbuyo, nkhani n'kumaizungulira ngati galu pa mphika wotentha. Ndiye awauze bwanji kuti tikapsa ndi dzuwa tsiku lonse, kenaka nsombazo tikazitaya m'madzi? Anati awauza mawa. Mawa lake anati awauza m'galimoto. M'galimoto a Yotamu anatulutsa chitini cha nyongolotsi zimene anakumba kuseri kwa fulati, zomwenso pa mpikisano n'zoletsedwa, ndipo Ambrose anangoti, "Zikomo bambo, zonenepa bwino." Pofika kudoko anachiiwala dala pansi pa mpando.

Ali pamadzi a Yotamu anamutembenuza chule wa pulasitiki uja uku ndi uku.

"Bambo a Chiko, nsomba za kuno zimadya zidole?"

"Zimayesako, bambo."

"Ndiye n'zopusa. Mlamba ungakuseke."

Koma chidolecho chinagwira ntchito. Ambrose anakola zinayi zapakatikati, n'kumaziponya m'thanki msangamsanga. A Yotamu anafunsa chifukwa chake akuzisambitsa, iye anati, "Kuti zisaume, bambo." A Yotamu anagwedeza mutu, nzeru imeneyo anaivomereza.

Kenaka chule wa a Yotamu anagwera pakati pa masamba a kakombo. Iwo anali akukonza chipewa, ndiye kudikira kuja Darius ananena kunangochitika kokha. Madzi anaphulika. Mkulu uja anaimirira miyendo tang'a, akukuwa mayina a abale ake amene anamwalira kalekale, ndodo itapindika ngati uta. Ambrose anailowetsa nsombayo mu ukonde. Nsomba ngati imeneyo anali asanaigwirepo, mutu wake ngati wa mwana wa mbuzi.

A Yotamu anali atavula kale nsapato kuti aikhome pamutu.

"Bambo, bambo, mwina iyambe yapumulako ndi zinzake," anatero Ambrose, n'kuitsetseretsa m'thanki.

"Iyi ndi yowamba," anatero a Yotamu. "Mutu ndi wanga. Sungeni asauponye mu supu."

Dzuwa litafika pamutu, mphepo inaleka, nyanja inangoti zii ngati madzi a m'beseni. Ambrose anazindikira kuti pali phokoso lina limene lasowa. Pampu. Anatsegula thanki, madzi ali ofunda, nsomba zikuyasamula pamwamba. Anagwada kumbuyo kwa boti, natsegula kachitseko ka mabatire, n'kulowetsamo mutu mpaka mapewa. Ali momwemo anakumbukira ayezi. Koma mkamwini satuma apongozi. Ndiye analankhula mozungulira, mawu akumveka ngati ali m'mgolo.

"Bambo, kaya ngati sikukuvutitsani, m'bokosi loyeralo muli ayezi ndi mchere. Ndimati n'za nsombazo."

"Mwaganiza bwino," anayankha a Yotamu. "Dzuwa ili zikanaola."

Ambrose anapitiriza kugwiragwira mawaya. Anachotsa udzu, anasintha fyuzi, pampu osadzuka. Kumbuyo kwake ankamva apongozi akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, ndi kaphokoso kena, phaphapha, phaphapha. Anatulutsa mutu.

Bokosi la ayezi linali lotsegula. Nsomba zinayi zinali zitandandalikidwa pa ayezi mwadongosolo, mitu mbali imodzi, mchere utawazidwa bwinobwino ngati pa msika wa Balaka. Yaikulu ija inali pa bondo la a Yotamu, chagada, ndipo m'dzanja lawo munali kampeni kawo kopinda, nsonga itagunda kale pamimba.

Mmene anadumphira Ambrose sakumbuka. Anangopezeka wagwira dzanja la apongozi ake pamkono, molimba, akukuwa moti anthu a m'maboti ena anatembenuka.

"Siyani! Siyani, mukundiphera!"

Kampeni kanagwera m'madzi. Ambrose analanda nsomba ija n'kuiponya m'thanki, zinayi zija n'kuzikokolola pa ayezi ndi manja awiri, kuzitsukuluza m'nyanja, nazonso m'thanki. Atamaliza ndi pamene anaona chimene wachita. A Yotamu anali akuyang'ana mkono wawo pamene panagwiridwa paja.

"Mwandigwira," anatero.

"Pepani bambo."

"Mwandikalipira pagulu. Ndi mpeni wanga wa ku Joni mwautaya."

Apa Ambrose analibenso pozungulira. Anagwada m'boti momwemo, m'madzi a mchere, n'kunena zonse: za sikelo, za makiyi a Darius, za kuti madzulo nsomba zonse zibwerera kwawo.

"Zonse?"

"Zonse, bambo."

"Ndi yangayi?"

"Makamaka yanuyo."

"Ndiye tabwera kudzatani kuno? Kudzazipatsa moni?"

A Yotamu anatembenuza mpando n'kumupatsa msana.

Zinayi zija zinatsitsimuka, zinayamba kuyendayenda. Koma yaikulu inapendekeka, kenaka inagadama, mimba yoyera m'mwamba, zopumira zake zikungotakataka mwa apo ndi apo. Ambrose anaponyamo ayezi, anaitembenuza, inagadamanso. Doko linali kutali, nthawi yoyeza inali itayandikira. Kuti ayendetse boti, panafunika wina woti aziigwira nsombayo chilili ndi kumathira madzi atsopano m'thanki. Munthu mmodzi sangachite zonsezo. Anayang'ana msana wa apongozi ake. Munthu wamukalipira kumene, umutumenso?

Anakhala pansi, nsomba ili m'manja, misozi ili pafupi. Bambo wa mwana, wandevu zake.

A Yotamu anasuzumira ndi diso limodzi.

"Ikufa?"

"Ikufa, bambo."

"Ikafa tidya?"

"Ayi bambo. Amatenga a kalabu."

"Aa!" Anatembenuka ndi mpando womwe. "Ndiye ife tiluze boti, tiluzenso ndiwo? Choka apo. Chokani, bambo a Chiko, kagwireni chiwongolero."

Anatenga kontena ya mpunga imene Sungeni anawalongedzera, mpunga n'kukhuthulira m'chipewa, napinda malaya. Dzanja limodzi linagwira nsomba kumimba kuti isagadame, linalo likutunga madzi m'nyanja n'kumathira kumutu kwake. Ambrose anayendetsa boti pang'onopang'ono kuti mkulu asagwere m'madzi, maboti ena akuwapitirira ngati mphepo. Njira yonse a Yotamu ankaikalipira nsombayo.

"Puma iwe. Ine ndakusiya ndi mpeni uli pamimba, ndiye ufe wekha? Mwano umenewo. Puma! Kwathu anzako akulira mwayi umenewu."

Davies anali padoko ndi Darius, yemwe anabwera ndi ndodo yake yoyendera. Akuti anaona boti likubwera mochedwa kuposa onse, mkulu atagwada, thalauza lonse lili chonyowa, mpunga uli m'chipewa pambali. Ananyamula nsomba m'thumba la madzi mpaka pasikelo. Mayi woyeza anaziona imodzi imodzi. Atafika pa yaikulu ija inangokhala duu. Anaigwira kumchira. Ambrose anatseka maso. Nsomba inamenya mchira kamodzi, madzi n'kumuthira mayiyo kumaso ndi m'magalasi momwe.

"Zamoyo zonse zisanu!" anatero mayiyo akupukuta.

Sanapambane, panali ena amene anawaposa kulemera. Koma Darius anasuzumira m'thanki, anaona pampu yakufa, anaona kontena ya mpunga, n'kutulutsa makiyi a ngolo yokokera boti kuwonjezera pa ena aja, kumupatsa Ambrose. Kenaka anagwira chanza a Yotamu nthawi yaitali.

A Yotamu anajambulitsa ndi nsomba yawo, osamwetulira. Anaiperekeza mpaka pamene anyamata a kalabu ankazibwezera m'nyanja, anaiona ikulowa pansi pa udzu, n'kupukusa mutu. Pobwerera anamukodola Davies.

"Ankhoswe, mkamwini wanu wandigwira pamkono, wandikuwira pamaso pa azungu. Kwathu umenewo ndi mlandu."

"Ndi mlandu ndithu, bambo," anatero Davies. "Tipepese ndi chani?"

"Tambala. Wamoyo."

Ambrose ananong'ona kuti kusitolo ziliko nkhuku zabwino, zosenda kale.

"Ndaziona," anatero a Yotamu. "Dziko lanji ili? Nsomba mukufuna zamoyo, nkhuku mukufuna zakufa. Ine ndasunga yanu ikupuma, inunso mundibweretsere wanga akupuma. Mpikisano winawo uli liti? Mundigulire chule wanga wanga, wakuda."

Apa azimayi anali atayamba kutuluka m'tchalitchi, ndiye tinamufunsa Davies kuti nanga zinatha bwanji.

"Manje ine nikanachita bwanji, nine nkhoswe," anatero akufunafuna makiyi m'thumba. "Ninatumila Sungeni foni kuti tomato uja aike mu fuliji. Mailo lake kutacha ninayala makatoni kumbuyo kwa motoka, n'kuyamba kuzungulira mafamu a kumpoto kwa Oshawa, khomo ndi khomo, kufunsa azungu ngati ali na tambala wogulitsa."