Kagitala ka Kuseri kwa Mpando

Zipi ya chikwamacho inkakana, ndiye alamu anaikoka mwaukali mpaka inalira. Mkati munali kagitala. Kanali kakafupi ngati ka mwana, kopyapyala, koma nsambo zake zinayi zinali zonenepa ngati waya woyanikapo zovala.

"Nanga ichi n'chiyani?" anafunsa alamuwo, mkulu wake wa malemu, atakanyamula ndi zala ziwiri.

Katundu yense amene akampani anatsitsa m'thiraki anali pa tebulo: bulangeti lonunkha dizilo, kapu, nsapato, ndi chikwamachi. Dalaivala anamwalira ali pa ulendo. Anaimika thiraki pambali pa msewu bwinobwino, nkutsamira chiwongolero, osadzukanso. Madokotala anati unali mtima.

Namfedwa, mkazi wake, anali pa mashini ake osokera koma sankasoka. Anakayang'ana kamodzi kagitalako nkubweza maso.

"Ndi besi, gitala ya mawu aakulu," anatero mwana wawo wamkazi, yemwe anachoka ku koleji kudzaika bambo ake. "Kodi adadi ankaimba?"

"Kuimba ndani? Mng'ono wanga uja ngakhale mluzu unkamukanika," anatero alamu. Anatembenuza kapepala kolendewera pakhosi pa kagitalako. "Taonani, chizindikiro cha sitolo sanachotse n'komwe. Mlamu, tikabweze. Nyumba ino ikusowa zambiri, zidole ayi."

"Abambo aakulu, ndi chinthu chomaliza chimene anagula. Bwanji tikasunge?"

"Kachoke," anatero namfedwa. "Kachoke m'nyumba muno lero lomwe."

Tinene zoona, mayiyu sanagwetse msozi pa maliro, ndipo anthu ananong'ona. Sunali mtima wa mwala. Unali mkwiyo, ndipo mkwiyowo unali wakale. Zaka zomalizazi mwamuna wake anasiya kumuyankha. Akaitana ali kukhichini, zii. Akayankhula ali pa tebulo, bamboyo ankangoti "eya, eya," ngakhale pamene panalibe choti avomere. Tsiku limene mayiyo anabwera kuchokera kuchipatala nkunena kuti adokotala apeza chotupa m'bere, mwamunayo anamwetulira nkuti, "Zabwino zimenezo." Chotupacho anachichotsa, bala linapola, koma mawu aja sanapole. Chowawitsitsa chinali chakuti alamu akabwera, awiriwo ankacheza nkumaseka mpaka tiyi kuzizira. Ndiye mayiyo anamvetsa yekha: mwamunayu watopa nane.

"Makutu a kagitala anali nawo," anatero namfedwa akumanga mpango. "A ine ndi amene analibe."

"Mlamu, womwalira sanenedwa."

"Ndinene ndani nanga? Ndi inu munandikwatira?"

Alamu anatsokomola nkutseka zipi. Anapita onse atatu, ndipo chikwamacho ananyamula namfedwa yekha, atachigwira kutali ndi thupi ngati chonyowa.

Sitoloyo inali yopanikizana, magitala atalendewera mpaka kudenga, ng'oma zitasanjikizana pakona. Wogulitsa anali mayi wamng'ono thupi, wa mawu opyapyala. Atangoona chikwamacho anawala nkhope.

"Aa, ka adalaivala aka! Zala zasiya kuwapweteka?"

"Amwalira," anatero mwana uja.

Wogulitsa anagwira pakamwa. Anatulutsa mpando kuseri kwa kauntala nkuupereka kwa namfedwa, koma namfedwa sanakhale.

"Pepani, mayi. Pepani kwambiri. Bambo aja anandivutitsa, koma kuvutitsa kokoma. Anabwera ndi chingwe m'thumba, atamanga mfundo. Akuti anayeza kuseri kwa mpando wa thiraki, ndiye gitala yopitirira mfundoyo sakuifuna. Anayeza magitala onse a besi muno, imodziimodzi, ngati munthu wogula chitseko. Ena anali aatali, ena olemera, ena anati afuna magetsi ambiri pamene iwo amagona m'misewu."

"Mayi, tabwera kudzabweza katundu," anatero alamu. "Mbiri tiisiye."

"Asiyeni anene," anatero namfedwa. Anamuyang'ana wogulitsayo kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye inuyo ankacheza nanu? Ankakuyankhani?"

"Ine? Ayi ndithu, mayi. Nanenso sankandimva."

"Mukuti chiyani?"

Wogulitsa anayang'ana nkhope zitatuzo, nkuona kuti palibe ikudziwa. Anazengereza, kenako anapitiriza motsitsa mawu.

"Ndinawauza kuti munthu woyamba kumene, bola ayambe ndi gitala wamba. Ndinatenga imodzi nkuwalizira nsambo zing'onozing'ono zija. Iwo maso ali pa zala zanga. Nditamaliza nyimbo yonse anandifunsa kuti, 'Mwayamba?' Ndiye anaona kuti ndadabwa, nkundiuza. Akuti injini inawadya makutu pang'onopang'ono. Mawu ang'onoang'ono onse anapita: mbalame, foni, ana, ife azimayi. Anatsala ndi aakulu okha. Akuti n'chifukwa chake akufuna besi, kuti akaima pa msewu azimvako chinachake. Anandipempha kuti ndisauze munthu, chifukwa akampani akamva awalanda makiyi."

"Bodza limenelo!" anakuwa alamu. "Ine ankandimva bwinobwino!"

Mawu awo anadzaza sitolo yonse, mpaka kang'oma ka pakona kananjenjemera kokha. Mwana uja anapukuta mphuno nkuti, "Inuyo, abambo aakulu, ndinu besi."

Alamu anavula chipewa.

Namfedwa tsopano anakhala pa mpando paja.

"Kubisira kampani ndamva," anatero. "Nanga ine? Ine ndinali kampani?"

"Zimenezo sanandiuze, mayi."

Panalibe chifukwa choti wina amuuze zimenezo. Namfedwa ankadzidziwa yekha. Akanamva, makiyiwo akanawalanda ndi iye, kampani isanatero, ndipo mwanayu akanasiya koleji. Mwamunayo anasankha kuoneka wamwano m'nyumba mwake. Chitsiru cha munthu! Anamukwiyiranso mwatsopano, koma mkwiyo uwu unali wina. Nanga tsiku la chotupa lija? Ndiye kuti anaona mkazi wake akuyankhula, osamva kanthu, nkungoponya mawu amene ankaganiza kuti sangalakwe.

"Ndikufunseni," anatero patapita kanthawi. "Munthu wosamva amasankha bwanji gitala?"

"Oyenera pa chingwe chija analipo atatu. Ndinawapatsa zomvera za m'makutu, anangoseka nkuzibweza. Ankatere."

Wogulitsa anatulutsa kagitalako, nkukhala pa bokosi, nkukaika pamiyendo. Sanakalumikize ku sipika. Analiza nsambo yaikulu ija ndi chala chachikulu. Mawu ake anali apansi, osamveka kwenikweni. Kenako anayala chikhatho chinacho kumsana kwa kagitalako, zala zitatambasuka, nkupendeketsa mutu, maso ali pansi.

"Chonchi. Ankadikira mpaka kunjenjemera kuthe. Awiri aja anati ndi akufa. Aka anati kakuyankhula."

Namfedwa anayang'anitsitsa dzanjalo. Ankalidziwa. Ankadziwa kutambasuka kwa zala kuja, ndi mutu wopendekeka uja. Kangati, iye akayamba nkhani pa tebulo kapena atakhala m'mphepete mwa bedi, dzanja lolemera linkabwera nkukhala pamsana pake, pakati pa mapewa, phee? Iye ankayesa kuti akumutontholetsa ngati mwana wolongolola. Nthawi zonse ankaligwedeza ndi phewa nkuti, "Tachotsani dzanja, ndikuyankhula." Ndipo bamboyo ankalichotsa.

"Mlamu," anatero alamu, chipewa chili m'manja, mawu atawatsitsa koyamba tsiku limenelo, "tikabweze, kapena titani?"

Namfedwa anagwira mkono wa mwana wake, nkumukokera pafupi, nkudziika chikhatho cha mwanayo pamsana, pakati pa mapewa.

"Usachotse," anatero.

Anakoka mpweya. Kenako anayamba kunena, pang'onopang'ono, za tsiku lija la kuchipatala: mmene anadikirira yekha pa benchi, zimene adokotala ananena, ndi mmene anaopera. Mwanayo ankamva mawu aliwonse akugunda m'dzanja mwake, ndipo sanalichotse.