Gitala ya Zakeyu

Timoti anazula msomali umene unali pansi pa nsambo za gitala n'kuuponya m'fumbi.

"Taonani, alamu," anauza mkazi wa malemu mkulu wake. "Munthu wamkulu kumalowetsa misomali m'gitala ngati akukonza chitseko cha khola."

Mayi Anne anangoweramitsa mutu wawo wometa. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a Zakeyu, ndipo katundu wake anali atayalidwa pamkeka: jekete, nsapato zolemera za m'migodi ya Wenela, lumo, khadi la chipani ndi gitalayo. Moyo wonse wa munthu sunadzaze ndi mkeka womwe. Zakeyu anali mkamwini kwa Kanduku kuno, choncho katundu anayenera kupita kwa abale ake. Mbale amene anatsala anali Timoti yekha, ndipo njinga yake inali itatsamira mtengo wa nachesi, kudikira ulendo wa ku Thambani dzuwa lisanafike paliwombo.

Enelesi, mwana wa malemu, anali ataona pamene msomali unagwera. Anauponda ndi chala cha kuphazi kuti usasowe.

Timoti anakumbatira gitala n'kuyesa kuimba. Anakanikiza zala monga amachitira anyamata a m'mabala, koma chimene chinatuluka ngakhale mbuzi ikanakana kuti si mbale wake.

"Yafa iyi. Nsambo zonse n'zosokonekera. Komabe ndipita nayo, alipo wina ku Thambani angaikonze."

"Sinafe, bambo," anatero Enelesi. "Ndi mmene ankaichunira. Ndi ya hauyani."

"Ya chiyani?"

"Amaigoneka pamiyendo. Sakanikiza ndi zala, amatsetsereka ndi kabotolo. Msomali uja ndi wokwezera nsambo."

Zaka ziwiri zathunthu bambo ake anakhala akumuphunzitsa masana alionse akaweruka kumunda. Mgodi unawadya zala ziwiri za kumanzere, ndiye anaphunzira kuimba ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndipo sanaone chifukwa choti luso life chifukwa mwana ndi wamkazi. Anthu ankaseka, iwo osalabada. Tsopano Enelesi ankaona kuti gitalayo ikakwera njinga, ndiye kuti bambo ake aikidwa m'manda kachiwiri.

Anagwada. "Zonsezi tengani. Koma gitalayi mundisiyire."

"Iwe Enelesi, ulemu," anamudzudzula mayi ake motsitsa mawu. Iwonso ankaifuna, koma wamasiye salimbana ndi akuchimuna maliro asanazizire.

Timoti anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndikusiyire? Bambo akowa anandisiyira chiyani ine? Amayi atamwalira iwo anali ku Joni. Manda ndinakumbitsa ndekha. Atabwera, misozi sindinaione, anangoima pamanda paja ngati mlendo wofunsa njira. Chimene anabwera nacho n'chimenechi, choseweretsa."

Aliyense pamudzipo ankadziwa kuti abale awiriwa anatha zaka khumi ndi chimodzi osapondana pakhomo. Mkwiyo ukakalamba umasanduka mbale wako, ndipo Timoti anali atauzolowera wake.

"Chabwino," anapitiriza. "Ukuti umatha. Imba timve. Ukalephera ndiimanga pakaliyala."

Enelesi anatola msomali, naupukuta pachitenje, n'kuubwezera pansi pa nsambo kumapeto kwa khosi la gitala. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi kabotolo kofiirira. Anakhala pamkeka, natambasula miyendo, n'kuigoneka gitala chagada.

Kabotolo kanagunda tizitsulo ta pakhosi, mawu n'kumveka ngati mano akuguguda. Timoti anayang'ana njinga yake.

Enelesi anapuma. Ankachita ngati akuwamva bambo ake pambali pake. Usapanikize, mwanangu, kabotolo kangokhudza. Chala china chizitsatira pambuyo kuti nsambo zisalongolole. Usalumphe, tsetsereka, mawu asaduke panjira. Ukafika usaime njo, gwedeza dzanja pang'ono, munthu wolira saima chilili.

Panali kachigawo kamodzi kamene sanakakhozepo bambo ake ali moyo. Kankayambira pansi, n'kukwera ulendo wautali mpaka pafupi ndi bowo la gitala, kenako n'kutsika pang'ono. Nthawi zonse iye ankafika msanga kapena kuperewera, ndipo bambo ake ankangoti mawa. Koma mawa ija inali itatha. Anakhotetsa thupi monga iwo ankakhalira, natseka maso, n'kulola dzanja lipite.

Mawu anakwera osaduka. Anafika pamwamba, ananjenjemera, natsika. Anabwereza kachiwiri.

Atatsegula maso anapeza Timoti atavula chipewa.

"Nyimbo imeneyi dzina lake ndi chiyani?"

"Ilibe dzina, bambo. Ankangoti ndiphunzire."

"Si nyimbo imeneyo." Timoti anapukusa mutu. "Ndi amayi. Tikachedwa kubusa ankaima pachulu cha kuseri kwa nyumba n'kumaitana. Dzina la akulu ankalidula mwachidule, poti iwo ankamva msanga. Langa ndi limene ankalikoka chonchi, chifukwa wosamva ndinali ine."

Enelesi anamva chisoni chatsopano, chosiyana ndi cha kumanda. Zaka ziwiri ankaphunzira kuitana munthu amene sankamudziwa n'komwe bwinobwino.

Mayi Anne anadzutsa mutu. "Tsiku lililonse, alamu. Akati ayambe kuimba, ankayamba ndi kameneka. Ndinkawauza kuti njira ya ku Thambani sinatsekedwe, pitani mukalankhule nawo. Iwo ankati pakamwa pawo sipatha, koma mwina mphepo idzafikitsa. Taonani kumene wapenya mwanayu."

Timoti anatembenuka. Enelesi sanali kuyang'ana iye kapena nyumba. Anali atakhala chammbali, nkhope italoza kumapiri kumene kunkalowera njira ya ku Thambani. Sanachite dala, ndi mmene anaonera bambo ake akukhalira.

Timoti, bambo wa imvi, anakhala pansi, pafumbi pomwepo, osasamala buluku lake la ku tchalitchi. Analira kulira kumene sanalire pamanda, mapewa akugwedezeka. Palibe anamutonthoza.

Patapita nthawi anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Bwereza, mwanangu."

Enelesi anaika kabotolo pa nsambo. Mawu anakwera pang'onopang'ono, nafika pamwamba, nanjenjemera. Asanatsike, Timoti anayankha motsitsa, ngati kamnyamata kochedwa kubusa.

"Wee, achimwene."